Mutu 6: Mawu a Austin mu Firiji Yakufa

1. Chipinda cha mbewu

Patadutsa masabata asanu chiikire maliro a Austin, m'nyumba ya a Nangozo mudali mukadali zii. Nyumbayo ili kumtunda kwa msika wa pa Ntcheu Boma, ndipo kale anthu odutsa ankaidziwira phokoso. Austin adali mnyamata woseka ndi thupi lonse. Akamasewera mpira wa pa kompyuta ankakuwa ngati ali pabwalo lenileni, mpaka mayi ake ankachita kumenya chitseko ndi tsache. Tsiku lomwe minibasi idagubuduzika naye pamsewu wa M1, phokoso lonselo lidapita naye.

Katundu wake adamuunjika m'chipinda chakumapeto, momwe a Nangozo amasungiramo mbewu ya mbatatesi. Mwambo wake ndi wodziwika. Katundu wa womwalira sakhudzidwa kufikira abale atakumana n'kumugawa. Amalume a ku Mlangeni adati adzabwera mvula yoyamba ikagwa.

Tsiku lounjika katunduyo, a Nangozo adaitana mwana wawo wotsala, Mirriam, mtsikana wa Fomu 3.

"Mwana wanga, muno muli zinthu ziwiri zosafuna dzanja la munthu," adatero. "Choyamba ndi katundu wa achimwene ako. Usamugwire, usamusunthe, mpaka amalume ako abwere. Chachiwiri ndi mbewu iyi. Mbatatesi ya mbewu imafuna kamphepo kozizira. Ikangomva kutentha imatuluka thukuta, imafota, kenaka imaola, ndipo imodzi ikaola imaoletsa zinzake. Zenera ili lisatsekedwe. Ine ndizilowa muno madzulo aliwonse. Tsaya langali limadziwa mpweya wa chipinda chino."

"Ndamva, amayi," adayankha Mirriam.

Kumva adamvadi, ndipo adapirira masabata awiri athunthu. Koma tsiku lina, mayi ake ali kumunda, chisoni chidamukokera m'chipindamo. Adachotsa nsalu pa kompyuta, n'kuiyatsa.

Zomwe adapezamo sadaziyembekezere. Austin ankajambula masewera ake, ndipo pamodzi ndi zithunzi ankajambulanso mawu ake. Mudali zojambula makumi anayi ndi zitatu. Mirriam adavala mahedifoni, ndipo mchimwene wake adaseka m'makutu mwake ngati sadapite kulikonse.

"Mirriam, tandibweretsera madzi, anthu ndikuwakwapula kuno," adatero mawuwo.

Mirriam adalira mpaka malaya a sukulu kunyowa. Foni ya Austin idaphwanyika pangozi paja. Pa dziko lonse lapansi, mawu ake adatsala m'kompyuta imeneyi mokha.

Mirriam sadawauze mayi ake. Ankadziuza kuti mayi akawamva mawuwo akomoka. Mwina zidali zoona. Koma tinene mosabisa, Mirriam ankaopanso kukalipiridwa, ndipo kudali kokoma kukhala ndi Austin yekhayekha. Kuyambira tsikulo, mayi akangotuluka, iye ankalowa. Ankamvera zojambulazo, kenaka adayamba kusewera mpikisano wa chikho womwe Austin adausiya usadathe.

Vuto lidali kompyutayo. Idali chimakina chachikulu chomwe Austin adachilumikiza yekha, chidutswa ndi chidutswa. Idali ndi mafani anayi, ndipo gemu ikafika pokoma ankalira ngati chigayo chakutali. Kumbuyo kwake kunkatuluka mpweya wotentha. Pakangotha ola limodzi, chipinda chonse chinkafunda, ndipo uwu udali mwezi wa Okutobala.

Lachinayi madzulo a Nangozo adalowa monga mwa masiku onse. Adaima pakati pa chipinda, n'kutembenuza nkhope uku ndi uku.

"Muno mwafunda bwanji?" adafunsa.

"Ndi malata, amayi. Dzuwa linawomba kwambiri lero."

A Nangozo adatola mbatatesi imodzi, adaifinya pang'ono, n'kuinunkhiza. Adaibwezera pamalo pake. Mirriam adadziwa kuti bodza la malata silidzagwiranso ntchito kachiwiri.

2. Malangizo a Bambo Yasin

Lachisanu ataweruka kusukulu, Mirriam adadzera kumsika. Adadikira pakhonde la kashopu ka Bambo Yasin mpaka iwo atabwera kuchokera kumzikiti. Bambo Yasin amakonza mafoni ndi makompyuta, ndipo ndiwo adaphunzitsa Austin ntchitoyi. Pamaliro paja adakhala masiku onse, osatsegula shopu.

Mirriam adawapatsa moni mwaulemu, n'kufunsa funso lake mozungulira, ngati likuchokera kwa mnzake wa kusukulu. Munthu angatani kuti kompyuta yosewerera isalire, isatenthe, komanso isafunditse chipinda?

Bambo Yasin adamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Mnzakoyo kompyuta yake ili ndi mafani anayi, eti? Khala pansi, mwanawe. Ndikuuze zomwe ndinamuuza mchimwene wako tsiku lomwe tinkailumikiza patebulo ili.

"Kutentha sikufa. Kumangosamuka. Magetsi onse amene makina akudya amatuluka ngati kutentha, monga munthu wolima amatulukira thukuta. Mafani alibe mankhwala oziziritsa ayi. Ntchito yawo ndi kunyamula kutentha m'mimba mwa makina n'kukutaya kunja. Ukaona chipinda chikufunda, dziwa kuti mafani akugwira ntchito yawo bwino. Ukakutsekera njira kutenthako, kumabwerera komwe kwachokera, n'kukadya mwini wake.

"Njira zilipo, koma zonse n'zochitira poyera. Upukute fumbi, chifukwa fumbi la mwezi uno limatseka mphuno za makina, mafani n'kumakuwa. Uchepetse kukongola kwa zithunzi za gemu. Makina akamagwira ntchito yopepuka amadya magetsi ochepa, amatentha pang'ono, amaliranso pang'ono. Uiike pafupi ndi zenera, msana wake uloze panja, kuti mpweya wotentha uzipita kwa akhwangwala. Koma usadzaifunditse bulangete. Usadzaitsekere m'kabati. Ndipo ikadzazima yokha, imeneyo ikukupempha kuti ipume. Usaiyatsenso."

Mirriam adagwedeza mutu. Zonsezo zidali zabwino, koma palibe ndi imodzi yomwe ikadabisa kompyuta kwa mayi ake.

"Ili pati panopa?" adafunsa Bambo Yasin.

"M'chipinda cha mbewu."

"Ichokemo. Amayi ako akudziwa kuti ukuiyatsa?"

Apa Mirriam adalephera kubisa. Adafotokoza za zojambula zija, misozi ili chuchuchu. Bambo Yasin adavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali ngakhale adali oyera kale. Kenaka adatsegula dilowa, n'kutulutsa fulashi yatsopano, kachipangizo kosungiramo zinthu za m'kompyuta.

"Tenga. Ukangoiyatsa, chinthu choyamba ukopere mawuwo apa, usanagwire china chilichonse. Makina amafa osatsanzika. Zengerezu adalinda kwawukwawu, mwanawe. Chachiwiri, ukawauze amayi ako. Austin sanali wako wekha. Iwe wataya mchimwene, iwo ataya mwana amene anamubereka. Usawasankhire zomwe angathe kupirira. Za mwambo wa katundu, akuluakulu amamvana okhaokha. Ukawauza, kompyuta ituluka poyera, ipuma mpweya wabwino, ndipo mavuto ako onse atatu atha tsiku limodzi."

"Ndikawauza, abambo."

"Liti?"

"Mawa."

Adathokoza, n'kuika fulashi m'thumba la siketi.

3. Nzeru za Mirriam

Loweruka a Nangozo amapita kumunda ku Mlangeni. Mirriam adakonza zoti mayi akanyamuka akopera mawu aja, ndipo madzulo awauza zonse. Koma Loweruka limenelo mayi adadzuka mutu ukuwawa. Adamwa mankhwala, n'kukagona kuchipinda kwawo, kuseri kwa khoma la chipinda cha mbewu.

Mwana wanzeru akadadikira mayi adzuke, n'kuwauza. Mirriam adachapa, adasesa, adatsuka mbale, mtima uli m'chipinda chakumapeto. Masewera omaliza a chikho chija adali atatsala amodzi okha. Pofika masana adali ataima pakhomo pa chipindacho, akuganiza zomwe angachite kuti khoma lisamve ndipo mbatatesi zisadziwe.

Maso ake adagwera pa firiji yakufa.

Idali firiji yogona, yotsegulira pamwamba, yomwe mayi ankaumitsiramo mafirizi kale. Idafa zaka zitatu zapitazo, ndipo tsopano inkangosunga masaka opanda kanthu. Mirriam adaiyang'ana n'kumwetulira koyamba pa masabata ambiri. Makoma ake ndi ochindikala, phokoso silingatuluke. Chivundikiro chili ndi labala, kutentha sikungafike pa mbewu. Ndipo firiji, ngakhale yakufa, si nyumba ya zinthu zozizira kodi? Adapisamo dzanja, n'kumva kuti m'katimo mudali mozizirira bwino.

Bambo Yasin adaletsa bulangete ndi kabati. Za firiji sadanene. Umu ndi momwe ana amamvera malangizo akafuna kuwazemba: amawerenga zomwe zatchulidwa, n'kulowera pa zomwe zatsala.

Adachotsa masaka, adanyamula kompyuta movutikira, n'kuitsitsira m'firijimo. Mawaya a magetsi, a sikirini ndi a mahedifoni adawadutsitsa pansi pa labala. Adadina batani, n'kutseka chivundikiro mwachangu.

Kudali zii. Adaika khutu pa firiji, ndipo adangomva kang'ung'udza kakang'ono ngati njuchi imodzi. Adayendetsa dzanja pamwamba pa mbatatesi. Kamphepo ka pazenera kankadutsa kali kozizira. Mirriam adadziona wanzeru kuposa Bambo Yasin ndi magalasi awo omwe.

Atakhala pansi mpomwe adakumbukira fulashi. Pobayira pake padali m'kati mwa firiji. Kuti aibaye adayenera kutsegula chivundikiro, ndipo phokoso likadatuluka.

"Ndiika pomaliza," adadziuza monong'ona.

4. Fungo

Adayamba ndi chojambula chimodzi, kuti amve Austin akuseka. Kenaka adatsegula gemu. Timu ya Austin idavala zobiriwira, ndipo osewera ena adawapatsa mayina a anzake a pamsika. Mirriam adagoletsa chigoli choyamba. Adagoletsa chachiwiri. Ankachita kuluma mlomo kuti asakuwe.

Patatsala mphindi zochepa kuti masewera athe, zithunzi zidayamba kudumphadumpha. Kenaka sikirini idangoti bii.

Adatsegula firiji. Mpweya womwe udamuwomba kumaso udali ngati wa mu uvuni wa mabanzi. Chitsulo cha kompyuta chidamuotcha zala. Mawu a Bambo Yasin adamubwerera onse bwinobwino, palibe lomwe adaiwala. Koma chikho chidali chitatsala pang'ono. Adakupiza ndi chikatoni kanthawi kochepa, adadina batani, n'kutsekanso.

Apa mpomwe akadabaya fulashi ija, pakuti chivundikiro chidali chotsegula ndipo dzanja lake lidali pomwepo. Zimandiwawa kunena kuti sadaganizeko n'komwe. Maganizo onse adali pa masewera omwe adayenera kuyambanso.

Ulendo wachiwiri kompyuta idapirira mphindi khumi, n'kuzimanso. Mirriam adakwiya nayo ngati ikuchita dala. Adaiyatsa kachitatu.

Sikirini idawala pang'ono. M'firiji mudamveka kuti phu, monga chimanga chikamaphulika pamoto. Atatukula chivundikiro, utsi wakuda udatuluka, ndi fungo la pulasitiki yopsa. Adazula waya pakhoma. Adadikira, adabwezera waya, adadina batani. Adadinanso. Mafani anayi aja adangokhala chete.

Ndipo tsopano adaitulutsa fulashi m'thumba. Adaiyang'ana ili m'manja mwake, yatsopano, yopanda kanthu.

"Chikupsa n'chiyani?"

A Nangozo adali pakhomo, mpango uli pamphumi. Fungo lidawadzutsa. Adayang'ana utsi, mawaya, firiji yotsegula, ndi nsalu yomwe idavundikira kompyuta ili pansi.

5. Zomwe mayi sadanene

Mirriam adagwada. Sadayesenso bodza. Adanena zonse: tsiku lomwe adaiyatsa koyamba, kufunda kwa chipinda, ulendo wa kwa Bambo Yasin. Ankayembekezera kukalipiridwa chifukwa cha mwambo ndi chifukwa cha mbewu, ndipo mayi ake adaumitsadi nkhope. Koma atafika pa zojambula zija, nkhopeyo idasintha.

"Wati mawu a ndani?"

"A achimwene, amayi. Ankadzijambula akamasewera. Akulankhula, akuseka."

"Munali mawu a Austin m'nyumba muno?"

"Inde, amayi."

"Kwa masiku angati?"

"Masabata atatu chiwapezere."

A Nangozo adakhala pa thumba la chimanga pang'onopang'ono, ngati nkhalamba. Sadakuwe. Mirriam akadakonda mayi akewo akadakuwa.

"Mwana wanga, tandimvera," adatero motsitsa. "Nkhope yake ndili nayo pachithunzi. Nsapato zake ndi izo. Koma mawu akundithawa. M'mawa uliwonse ndimakhala pamphasa, kuyesa kukumbuka mmene ankanenera kuti amayi akamalowa pakhomo. Sabata yoyamba ankabwera bwinobwino. Kenaka anayamba kubwera patalipatali. Dzulo ndinayesa mpaka mutu kundiwawa, osabwera. Sindinakuuze chifukwa ndinkati ndiwe mwana, usasenze zanga. Ndipo nthawi yonseyi iwe unali nawo kuseri kwa khoma ili."

"Ndimaopa kuti mukomoka, amayi."

"Ndikanakomoka, n'kudzuka. Kukomoka kumapha munthu? Ndinapirira kumuona ali m'bokosi. Ndikanalephera kumumva akuseka?"

Mirriam adalira chogwada pomwepo, ndipo chisoni cha tsikulo chidaposa cha pamaliro, chifukwa ichi adachiphika yekha.

A Nangozo adaimirira, n'kusuzumira m'firiji. Adagwira chitsulo, n'kuona kuti chayamba kuzizira.

"Bambo Yasin atsegula lero?"

"Amatsegula, amayi. Koma katunduyu amalume anati..."

"Amalume ako ndilankhula nawo ndine. Ndithandize."

Adaitulutsa awiri. A Nangozo adamasula chitenje chapamwamba, adawerama, n'kuuza Mirriam kuti awaike kompyutayo kumsana. Adaimanga mfundo pachifuwa. Mirriam adapempha kuti anyamule ndiye, kapena aitane kabaza. Mayi ake adangopukusa mutu.

Adatsika choncho mpaka kumsika, dzuwa lili pamutu. Anthu ankapatuka, ena n'kumacheuka kuona mayi wobereka chimakina chonunkha utsi. Palibe adaseka. Ambiri adali pamaliro paja, ndipo mwini wake wa kompyutayo ankamudziwa.

6. Patebulo la Bambo Yasin

Bambo Yasin atawaona adaimirira msanga, n'kuthandiza kumasula chitenje. Fungo lidawauza nkhani yonse. Adayang'ana Mirriam kamodzi.

"Unakopera?"

Mirriam adaika fulashi patebulo osadzutsa mutu. Bambo Yasin adapatsa a Nangozo mpando, adatenga sikuludiraiva, n'kutsegula mbali ya kompyuta. M'kati mudali mwakuda, ndipo mawaya ena adali atasungunuka n'kumamatirana.

"Gawo lolandira magetsi lapsa," adatero. "Likamapsa chonchi, nthawi zina limafa lokha, nthawi zina limatenga anzake. Makinawa muwaiwale kaye, mayi. Chomwe tikufuna ndi ichi."

Adatulutsa kachitsulo kathyathyathya, kokwana m'dzanja limodzi. Ngodya imodzi idali itadetsedwa ndi utsi.

"Zonse zomwe Austin anasunga zili umu. Ndikalumikiza ku makina anga. Sindikulonjezani kanthu. Kakhoza kudzuka, kakhoza osadzuka, ndipo kakadzuka mwina ndi kamodzi kokha."

Adayamba kusakasaka waya woyenera m'katoni. M'kashopumo mudangomveka phokoso la maminibasi oitanira anthu a ku Balaka. Chichokere kunyumba, a Nangozo adali asadamuyang'ane mwana wawo. Tsopano adatembenuka.

"Mirriam."

"Amayi."

"M'mawu amenewo, ananditchulako ine?"

Mirriam akadatha kunama kuti chilonda chichepe, koma mabodza adali atamukwana.

"Pafupifupi m'zojambula zonse, amayi. Mukamenya chitseko, ankayankha kuti, 'Ndamva, amayi, ndatsala pang'ono.' Kenaka ankaseka, n'kunena motsitsa kuti, 'Amayi angawa ndiye ayi.'"

A Nangozo adatseka maso. Milomo yawo idayenda, kuyesa mawuwo mmene mwana wawo akadawanenera. Adayesa kawiri, kenaka adapukusa mutu.

"Sakubwera," adatero.

Bambo Yasin adali atapeza waya. Adalumikiza kachitsulo kaja, n'kuika chala pa batani.

"Sendezani mpando kuno, mayi," adatero. "Ngati kalankhule, mukhale pafupi."